Nyimbo yanu aikana, Aphunzitsi

Ndikukumbukira tsiku lija ku Nabvutika magetsi atathima, mukundiphunzitsa jazi pa kiyibodi yosalira. "Dina basi, ine ndikumva," munatero mukuyang'ana zala zanga. Nditaphonya, munandigwiradi.

Lero chakwana chaka chimwalirireni inu. Ndakhala ndikuyeseza nyimbo imene munapeka, kuti ndiyilize pa misa yokukumbukirani. Dzulo atcheyamani a kwaya anangomvera pang'ono n'kuti, "Izi n'za m'bala, Bambo Mfumu sangalole." Kwaya yomwe munaiyimbira zaka zonse zija! Inu mukanaseka n'kupitiriza kuliza. Ine ndinangoti "chabwino", ndipo mpaka pano zikundiwawa. Mapepala a nyimboyo ndawapinda, ndapatsa mwana wanu Tisa. Iye saopa munthu.