Ndinapha Kiyi wa Uthenga wa Maliro

Inu owerenga, ine ndinalakwa ndipo ndikuvomera. Koma musayembekezere kumva kuti amene anandiputawo ndinawakhululukira, ayi.

Kuno ku Chitungwiza, ife amene makolo athu anachokera ku Malawi tili ndi bungwe la maliro. Munthu akamwalira, aliyense amayenera kumva tsiku lomwelo. M'zaka zija za dola ya ku America, pomwe m'sitolo ankatipatsa maswiti m'malo mwa chenje, ndinalikonzera bungweli pulogalamu. Mlembi ankangolemba uthenga kamodzi pa kompyuta, pulogalamu n'kuupereka ku kampani yotumiza mauthenga, mafoni onse n'kulira kuyambira ku Unit O mpaka ku Zengeza 2. Kuti kampaniyo idziwe kuti ndife, pulogalamu inkaonetsa kiyi wachinsinsi, amene pa ntchitoyi timati tokeni. Kiyiyu ndinamutenga m'dzina langa, poti ndinkaona ngati tonse ndife amodzi.

Tsiku lina tcheyamani anabwera kumsonkhano ndi mkamwini wake, Tendai, wa tayi komanso laputopu yonyezimira. Pamaso pa anthu onse anandiuza kuti, "Mwana wanga, basa la makompyutali ndi la amuna. Iwe uzikathandiza amayi ako kuphika." Anthu anaseka. Zaka ziwiri ndikugwira ulere, ngakhale zikomo sindinamumve.

Ndinafika kunyumba mtima ukuwira, ndinatsegula akaunti yanga, n'kumupha kiyi uja. Chala chimodzi basi.

Kenako ndinakhala phee kuonerera. Tendai atayesa kutumiza uthenga wa msonkhano, zinakana. Ananamizira netiweki, ananamizira magetsi, mpaka anagula modemu ina. Pulogalamu inkamulembera poyera kuti kiyi wakanidwa, koma bwana wa tayi analibe nthawi yowerenga. Atawerenga, anaganiza kuti kiyi wangotha masiku, n'kumayesa kumuwonjezera. Pamenepo ndiye ndinaseka, chifukwa kiyi wotha masiku amadzutsidwa, koma wophedwa dala sadzukanso. Pamafunika watsopano, ndipo womupereka ndinali ine. Anandiimbira foni mpaka anatopa, ine osayankha. Zinkandikoma, sindinama. Chomwe sindinadziwe n'choti, poopa manyazi, anauza komiti kuti zonse wakonza.

Mwezi womwewo ndinapita ku Musina, kutsidya kwa malire, kukaoda katundu, kumene foni yanga siinkagwira. Ndili komweko, azakhali anga a ku Unit D anamwalira. Mayi ameneyu panalibe maliro amene anajombapo. Ndiye ankasambitsa mitembo ya amayi, ndiye ankayambitsa nyimbo za Chichewa pa siwa. Ana awo, amene Chichewa amangomva n'kuyankha m'Chishona, analibe manambala a akuluakulu. Anangouza Tendai, n'kukhulupirira kuti uthenga wapita monga mwa nthawi zonse. Iye anadina, zinakana, n'kungouza anthu angapo pakamwa.

Ndinafika tsiku loika maliro. Anthu sanadzaze ngakhale basi imodzi. Kumanda panalibe woyambitsa nyimbo, tinangomva mafosholo. Mwana wawo wamkulu anandigwira dzanja n'kundifunsa m'Chishona kumene kuli anthu, "Sisi, vanhu vari kupi? Amayi analakwira ndani?"

Kutacha ndinapanga kiyi watsopano, ulendo uno m'dzina la bungwe. Sizinanditengere ndi mphindi zisanu zomwe. Koma ndinaiwala kuti pulogalamu yanga imasunga uthenga wolephera kuti idzayesenso. Nditangolowetsa kiyi, mafoni a Chitungwiza yonse analira, kuitanira anthu ku maliro amene tinaika dzulo lake. Masana amayi anayamba kufika ku Unit D atavala zitenje, akulira, n'kupeza tikubweza mipando.

Tendai mpaka lero sindimupatsa moni, ndipo tcheyamani uja atadwala sindinapite kukamuzonda. Bodza la mmodzi ndi chipongwe cha mnzakeyo sindidzaziiwala.

Komabe inu owerenga, mverani. Kiyi wa ntchito ya gulu musamutenge m'dzina la munthu mmodzi, chifukwa munthu amapsa mtima. Mauthenga akaima, werengani kaye zomwe kompyuta ikukuuzani, mudziwe ngati kiyi watha masiku kapena wina wamupha, ndipo zikakukanikani nenani, musaname. Nanunso amene mwachitidwa chipongwe, kanganani ndi mwini chipongweyo maso ndi maso, musatseke njira yodutsa anthu onse. Ine ndinkafuna kuchititsa manyazi Tendai, koma amene anaikidwa ngati mlendo ndi azakhali anga. Mwana wawo uja amandifunsabe funso lomwe lija, ndipo sindinamuuze kuti yankho lake ndine.