Mphuno ya a Bassou

A Bassou anayamba kupopera mitengo ya maapozi kwathu ku Midelt ndevu zisanamere. Munda wawowawo analibe. Chisanu chikatha paphiri la Ayachi, eni minda ankawaitana, poti ndiyo nthawi imene matenda a ufa amagwira mphukira. Masamba amayera mbuu, amapindika, maluwa n'kufota asanabereke. Iwo ankabereka chopopera kumsana, n'kulowa m'mizere ndi mankhwala a salufa.

Mitengoyo ankaidziwa bwino. Mtundu wa Jonatani ndiwo unali wodwaladwala: kupopera lero, sabata yamawa wayeranso. Golideni ankadwala mwa apo ndi apo. Sitakingi, wa zipatso zofiira uja, ankangoima pakati pa anzake odwala, masamba ali biriwiri.

Salufayo anawadya mphuno pang'onopang'ono. Poyamba anasiya kumva fungo la mankhwalawo, n'kumati zakhala bwino. Kenako la tiyi, la nyama yootcha, ngakhale la khola la nkhosa. Lilime nalo linatsatira.

Ife olongedza zipatso m'makatoni tinkawaputa dala. "Amalume, talawani maapozi awiriwa, mutiuze lokoma ndi liti."

Ankaluma ili, n'kuluma linalo. "Ili ndi lolimba. Ili ndi lofewa."

"Nanga kukoma?"

"Kukoma mufunse bulu wa a Haddou a sitolo, ndiye amadya ogwa pansi."

Tinkaseka. Iwo ankangopukuta pakamwa.

Akazi awo, a Rabha, anamwalira nthawi yokolola. Maliro atatha, mwana wawo Hadda anatulutsa mpango wa mayi ake m'sutikesi, n'kuukumbatira akulira.

"Bambo, ukumvekabe fungo la amayi. Tanunkhizani."

A Bassou anauika pamphuno, anakoka mpweya. Inali nsalu basi.

"Eya," anatero, n'kumubwezera. M'mawa mwake tinawaona kumunda akunyamula makwerero.

Patapita zaka, a Haji Assou, eni munda waukulu wa kumtsinje, anatopa ndi kugula mankhwala. Anaganiza zodula Jonatani yense, kuti pazitsa amezanitsepo Sitakingi. Anawapeza a Bassou akutsuka chopopera pangalande.

"Achimwene, mitengo iyi mwailera ndinu. Ngati mtima ukukana, ndiitana wina."

"Sowo ili kuti?"

"Simukumva chisoni?"

A Bassou anayang'ana mizere ija kanthawi, ngati munthu amene akufufuza chinthu m'thumba lobooka. "Ayi, a Haji. Kaya mwina mawa."

Anadula mzere ndi mzere, mosathamanga, mosapumira. Nthambi anamanga mitolo, n'kupempha kuti akasonkhere moto kunyumba. Chaka chotsatira eni minda ena anatengera a Haji. Zipatso zofiira zinkayenda malonda, ndipo masamba sankayeranso ngati kale. Opopera anali kufunikabe, koma eni minda ankakonda a mathirakitala, omaliza munda wonse dzuwa lisanakwere.

A Bassou anayamba kukhala pakhonde la sitolo ya a Haddou. Wina akawagulira tiyi ankamwa, akapanda kuwagulira sankapempha. Kamodzikamodzi mayi wina wamasiye, a Itto, amene anakana kudula Jonatani wake wa kuseri kwa nyumba poti ankakonda zowawasa, ankawatumizira uthenga. Ankapita, kupopera, kudula nsonga zoyera, n'kubwerera pakhonde paja.

Hadda, amene anakwatiwa kumzinda wa Meknes, anabwera kudzawatenga chisanu chisanayambe.

"Ndikukatani kumeneko?"

"Mukangokhala, bambo."

"Kuno ndikutani?"

Koma katundu Hadda anali atamanga kale. Ndinawaperekeza pokwerera basi. Anandigwira dzanja, n'kunena kuti nkhuni zotsala nditenge ndine, zisanyowe pachabe.

Hadda amaimba foni nthawi zina. Akuti bambo ake sadwala, savuta, chilichonse chimene wawapatsa amadya. Masana amatulutsa mpando pakhomo n'kumaona magalimoto akudutsa.