Tsiku limene Nowa anakaniza njovu

Ndikukumbukira bwino Lachisanu lija ku Mnkhanya pamene ndinali njovu. Makolo athu, amene anatsika kumtunda kudzalima m'chigwa, ankatiphunzitsira pakhomo, ndipo Lachisanu lililonse mabanja onse ankakumana m'chisakasa cha tchalitchi. Mayi aliyense anali ndi phunziro lake. Amake Tiza ankatiphunzitsa kuwerengera ndi masau, ndipo kuchotsera tinkakukhoza kwambiri chifukwa tinkawadya. Amake Dalitso anali a nyimbo, ngakhale mawu awo ankabalalitsa nkhuku. Amayi anga anali a masewero a m'Baibulo.

Atate sankaikhulupirira sukuluyi. Ankati ndi macheza a azimayi chabe, ndipo anali atanenetsa kuti akapanda kuona chanzeru pa sewero la Nowa, anditumiza kwa amalume ku Chipata, kumene ana ankadzutsidwa ndi ndodo. Ndinkaopa zedi.

Tsiku la sewerolo amayi anandimangirira malichero awiri m'makutu, ndipo pamphuno anandipachika mwendo wa buluku lakale lonunkha dizilo. Chingalawa chinali mabenchi, chigumula chinali azimayi awiri onyamula ndowa. Nowa anali Masauso, mnyamata wa ku Kakumbi, atamatidwa ndevu za thonje. Sabata lomwelo njovu zinali zitapsiti munda wa kwawo, osasiya ndi phesi lomwe.

Mbawala zinalowa, afisi analowa, anyani omwe. Titafika ife njovu, Masauso anatambasula manja pakhomo.

"Inu simulowa."

"Masauso mwana wanga, Baibulo likuti zonse, ziwiriziwiri," ananong'oneza amayi, diso lili kwa atate.

"Amama, Nowa uja sanalimepo ku Kakumbi. Izi zikasambire."

Njovu inzanga, Tiza, inathawira kwa amake. Azimayi a chigumula, osadziwa kuti nkhani yasintha, anayamba ntchito yawo ndi mtima wonse. Ndinanyowa ndekha panja, chitamba chili lende, ndikulira zenizeni chifukwa basi ya ku Chipata ndinkaiona kale.

Kenako ndinamva phwete. Anali atate, amene njovu zinkawasowetsa tulo chaka ndi chaka. Anaseka mpaka kutsokomola, azibambo onse akuwomba m'manja. Pobwerera anandikweza panjinga ndili chinyowere, nati, "Sukulu yotulutsa mwana wanzeru kuposa Nowa, iwe suchokako." Amayi sanatilankhule mpaka Lamlungu.

Masiku ano ana a anzanga a gulu lija amaonera Nowa pa foni, ndipo palibe amene amanyowa. Ine ndimadyera njovu zomwezo, ndimaperekeza alendo kukazijambula m'paki. Masauso akulimabe ku Kakumbi, ndipo chaka chatha zinamulowereranso m'munda. Zinandiwawa, choncho ndinamutengera thumba la chimanga. Anayang'ana thumbalo, anayang'ana njovu yosokedwa pa malaya anga a kuntchito, kenako anatambasula manja pakhomo.

"Thumba lilowe. Iwe dikira panja."