Gawo lachiwiri ndinalipekera kumunda wa mpunga

Ndinayambitsa ndine, musavutike kufunsa. Gemu ya pafoni ya achimwene inatuluka gawo loyamba lokha, n'kuthera pomwe mtsikana wa m'gemumo akumira. Lachiwiri tinalidikira mpaka mpunga kucha. Nditatopa, ndinanamiza Yamikani, mnzanga wa m'kalasi, kuti ndinalisewera kale ku Zomba.

Ndinati, "Uzindipirikitsira mpheta kumunda kwathu, ndizikufotokozera."

Iye ankakuwa padzuwa, ine ndili pamthunzi kupeka nkhani. Mtsikana uja ndinamupha, Yamikani mpaka misozi.

Kenaka gawolo linatulukadi, mtsikana ali moyo, wonenepa bwino.

"Galu iwe, ndiye ndinkalirira ndani?" anatero Yamikani.

Amayi atamva, anandilamula kuti ndizikapirikitsa mpheta kumunda kwawo kwa Yamikani mpaka akolole. Mawu andithera n'kukuwa, miyendo ikuphwanya. Koma dzulo Yamikani wabwera yekha ndi chinangwa chootcha, kudzafunsa za gawo lachitatu.