Mizere Yofiira ya Bwana Wamkulu

Ndinayamba ntchito pa kakampani kena ku City Centre m'nyengo yozizira, nditakhala zaka ziwiri pakhomo digiri ili m'sutikesi. Tinkapanga mapulogalamu a pakompyuta othandiza masukulu kusunga mayina ndi zotsatira za ana. Anandiuza kuti andiyesa miyezi itatu, ndipo kalata yondikhazikitsa pantchito adzasayina ndi bwana wamkulu wa gawo lathu, bambo a kumpoto, mkulu wa mpingo, osalankhulalankhula. Khodi yambiri, malamulo aja timalembera kompyuta, anailemba ndi iwowo kampani ikungoyamba.

Tsono ine ndili ndi matenda anga. Ndikaona liwu lolembedwa molakwika, thupi lonse limandiyabwa. Ngakhale pa chikwangwani cha saluni ndimafuna kutsika minibasi n'kukakonza. Ndiye nditatsegula khodi ya bwanayo, mayo ine! Zilembo zosinthana malo, zina zosowa, m'ndemanga zofotokozera khodi ngakhalenso m'buku la malangizo lomwe tinkapereka kwa aphunzitsi. Anzanga onse ankangozidutsa. Ine ndinati ndi ulesi basi.

Lachitatu la sabata yomaliza ya miyezi itatu ija ntchito inachepa masana, ndiye ndinakhala pansi n'kukonza zonse. Kagwiridwe ka pulogalamu sindinakakhudze, mawu okha. Nditatumiza ndinatuluka kukagula chimanga chootcha, ndikudziyamikira ndekha.

Pobwera ndinapeza ofesi ili zii. Asisi a desiki yoyandikana ndi yanga, amene ankandiphunzitsa ntchito, anandikokera pakhonde.

"Iwe, wachita chiyani?"

"Ndangokonza masipelo, asisi."

"Wangokonza! Sukudziwa kuti chilichonse chikasinthidwa imelo imapita kwa aliyense, mpaka kwa eni kampani?"

Anandionetsa pa foni yawo. Mzere uliwonse wakale unali wofiira psuu, dzina la bwana pambali pake. Pansi pake mzere wobiriwira, dzina langa. Anayendetsa chala, anayendetsa, osatha. Zinkaoneka ngati kope la mwana wa Sitandade 3 limene mphunzitsi walichonga atakwiya, ndipo mphunzitsiyo ndinali ine.

"Ukuyesa ife sitinapite kusukulu?" anatero asisiwo. "Tonse timaziona. Munthu wamkulu sakonzedwa pagulu. Bambo aja ndi msinkhu wa bambo ako."

Chimanga chija ndinachisiya pawindo, sindikudziwa anadya ndani. Ndinapempha kuti ndibwezere zonse mmene zinalili, koma asisi anati kubwezera kumatumizanso imelo ina, ndiye anthu awerenga manyazi omwewo kawiri.

Madzulo minibasi inandipitiriza siteji ndili maso, ndinachita kubwerera wapansi mpaka ku Area 4 kumene ndinkakhala kwa akulu anga. Nditawafotokozera anangoti, "Safunsa anadya phula." Ndinapsa mtima. Ndikanafunsa ndani, poti aliyense anali atatseka pakamwa ngati pamaliro? Koma mkwiyo sunakhalitse, mantha ndi amene anatsala. Amayi kumudzi anali atauza kale amvano onse kuti mwana wawo akugwira ntchito pafupi ndi Capital Hill. Ndinkadziona ndikubwerera pa sofa ya alamu anga, ndikulembanso makalata ofunsira ntchito.

Lachinayi bwana analowa, napereka moni desiki ndi desiki monga mwa masiku onse. Atafika pa ine anati, "Mwadzuka bwanji, mayi?" Ndinayankha maso ali pa kompyuta. Bola akanandikalipira! Tsiku lonse chitseko chawo chikatseguka ndinkayesa akubwera kudzandiitana. Palibe amene anandiitana kokadya.

Lachisanu cha m'ma 10 koloko anatumiza uthenga kuti ndipite ku ofesi kwawo. Ndinali ndisanalowemo. Anati nditseke chitseko, ndikhale. Ine ndinakhala pa kansonga ka mpando, mawu opepesa ndawakonza kale, koma anandiyambirira.

"Mayi, zimene mwakonzazi n'zambiri. Ndikufunseni chinthu chimodzi, mundiyankhe zoona. Anzanuwa amaziona?"

Ndinkafuna kunama. Ndikati ayi, ndadzikweza pamwamba pa ofesi yonse. Ndikati eya, ndagulitsa anzanga.

"Amaziona, bwana."

"Kuyambira liti?"

"Akuti kuyambira kale."

Anavula magalasi n'kuwaika patebulo.

"Shuga wandidyera maso," anatero. "Zilembo ndimachita kuzilota. Ndimayesa ndikulemba bwinobwino, poti palibe amene ankanena kanthu. Buku limene lija lazungulira masukulu lili ndi dzina langa pachikuto."

Ndinangoti, "Pepani, bwana," ndipo mpaka lero sindidziwa kuti ndinkapepesa chiti.

Anatsegula dilowa n'kutulutsa pepala. Ndinaona dzina langa pamwamba, koma sindinathe kuwerenga ngati ndi kalata yondikhazikitsa kapena yonditsanzika. Anatenga cholembera, dzanja linayenda pamwamba pa pepalalo, kutsika, kukwera, osatera.

"Yokukhazikitsani iyi," anatero. "Tandiikirani chala pomwe ndisayine."

Ndinaimirira n'kuika chala pamzere. Anachigwira ndi dzanja lawo lamanzere, kenako anasayina pambali pake.