Aphunzitsi a M'foni ya Apongozi

Kuno mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake aakazi. Ndinachoka kwa Chimbiya kudzakhala chikamwini m'mudzi uno, ndipo zaka zonsezi amayi a mkazi wanga ndimawadziwa bwino chakumbuyo: mpango wawo, dengu pamutu, zidendene zong'aluka ndi chisanu. Anabereka ana aakazi okhaokha, choncho akamwini tilipo angapo ndipo tonse timatero. Tikakumana m'njira ya kudimba, iwo amapatukira m'chimanga, ine mbali inayo, moni n'kumapatsana titafulatirana. Anzanga a ku boma amaseka. Ine sindionapo vuto, chifukwa ndi ulemu, komanso munthu amene sumuyang'ana m'maso n'kovuta kuyambana naye.

Ndine mphunzitsi wa pulaimale kufupi ndi Mayani. Chaka china anatiitanira ku boma kukatiphunzitsa kukonza maphunziro a pa foni mothandizidwa ndi makina oganiza aja akuti AI. Umawauza kuti ukufuna phunziro la zilembo la ana aang'ono, iwo n'kukulembera, n'kujambula zithunzi, n'kuliwerenga mokweza. Mwana amamvetsera pa foni ya makolo ake n'kuyankha ndi pakamwa, makinawo n'kuona ngati apite naye patsogolo. Zinatithandiza kwambiri nyengo yokumba kachewere, pamene theka la kalasi limakhala kumunda. Koma Chichewa chake, abale inu! Ndinkachita kukhalira pansi n'kumachiwongola ngati waya. Ndikapempha chithunzi cha khasu, ankandijambulira fosholo. Mawu ake ankamveka ngati a bambo mfumu achizungu amene angofika kumene pa parishi.

M'chaka chomwecho apongozi anga aamuna anamwalira. Ndiwo ankawerenga Mawu a Mulungu mphakati ukafika pakhomo pawo. Mphakati ndi kagulu ka mabanja oyandikana, timapemphera m'makomo mosinthana, ndipo mwambo wathu ndi wakuti eni khomo ndiwo amawerenga. Apongozi aakazi sanapondeko kusukulu.

Tsiku lina tikusankha mbewu ya kachewere pakhonde, mkazi wanga anati, "Aphunzitsi, amayi akuti akufuna kuwerenga."

"Kuwerenga chiyani?"

"Mawu. Pa mapemphero okumbukira ababa, chaka chikakwana. Akuti buku limene ankagwira amuna awo sangalipatsire mwana wa eni pakhomo pawo pomwe."

"Ndiye aphunzitseni inuyo, mayi."

"Ndayesa. Timangokangana. Akuti ndilibe mtima wophunzitsa munthu wamkulu."

Zoti ine ndikhale nawo pamphasa imodzi, mitu itagundana pa pepala, zinali zosatheka. Ngakhale ine ndikanalimba mtima, iwo akanathawira kuseri kwa khola. Njira inali imodzi basi. Ndinayamba kukonza maphunziro awoawo, osiyana ndi a ana. Ndinkauza makinawo kuti wophunzira wanga ndi mayi wachikulire, alankhule naye mwaulemu, ndipo m'malo mwa mipira ndi mabisiketi ndinkaikamo zinthu za pakhomo pawo: mtengo wa mapichesi, mtondo, mbuzi yawo yothyoka nyanga. Ndinkakwera pachulu cha kuseri kwa tchalitchi pamene netiweki imagwira, n'kutumiza phunzirolo pa foni ya mkazi wanga. Masana iye ankakaisiya kwa amayi ake.

Zinayenda mofulumira modabwitsa. Makinawo ankandiuza kuti wophunzirayu ndi wakhama, wamaliza zilembo, wayamba mawu athunthu. Ine ndiye kuyenda monyada, mpaka kuuza aphunzitsi anzanga kuti ana athuwa ndi aulesi chabe, nkhalamba ikuwapitirira.

Mvula itatsala pang'ono kusiya, mkazi wanga anabwera kuchokera kwa amayi ake nkhope ili gwa. Anaika foni patebulo.

"Inu ndi makina anuwo mukunamizana," anatero. "Amayi ndawapatsa paketi ya mchere kuti awerenge. Angoitembenuzatembenuza."

Ndinamvetsera mayankho awo onse amene anajambulidwa. Makinawo akatchula liwu, apongozi ankabwereza bwinobwino, monga munthu amene wakhala akuyankha ansembe moyo wake wonse. Pamapeto makinawo ankafunsa kuti, "Kodi mwamva?" Iwo n'kuyankha ndi mawu ofatsa, ndikuganiza atagwada ndithu: "Ndamva, bambo. Zikomo kwambiri. Pepani takuvutitsani." Makinawo n'kuwayamikira, n'kupita patsogolo.

Mtima unandipsa. Ndinawalembera makinawo mawu okalipa, iwo n'kundipepesa mwaulemu, ndiye kupsa mtima kwake kunachita kuwirikiza. Anthu awiri aulemu anali atakumana, wina kuthokoza, wina kupepesa, tsiku likuyandikira. Ndipo ndinachita mantha, ndisabise. Ndinkawaona apongozi ataimirira pakati pa mphakati wonse, buku lili m'manja, pakamwa pali duu. Uthenga woti asiye kuvomera zimene sanamve sindikanautumiza. Mkamwini sanena zotero.

Mkazi wanga ndiye anandichotsa m'thengomo, ngakhale ankangodandaula. Anati, "Amayi sangamuuze mlendo kuti sindinamve, amaona ngati akumunyoza. Koma mlendo yemweyo asochere, amasiya ndiwo pamoto n'kumuperekeza mpaka kumsewu."

Ndinatembenuza maphunziro onse. Funso lija lakuti mwamva ndinalichotsa. Aphunzitsi a m'foni anasanduka mlendo wovutika. Ankaonetsa liwu n'kunena kuti, "Mayi, ine kuno ndine mlendo, mawu awa andikanika. Tandithandizeni." Nthawi zina ankaliwerenga molakwika n'kufunsa ngati akhoza. Ntchito yaikulu inali kuwanyengerera makinawo kuti azilakwitsa. Ankangolakwitsa pang'ono n'kudzikonza okha msangamsanga ngati mwana wofuna kuyamikiridwa, ine n'kumawachonderera kuti chonde khalani mbuli.

Poyamba m'mayankho ojambulidwa munkangomveka tambala akulira chapatali. Kenako tsiku lina ndinamva: "Pepani bambo, koma apa ngati sipakutero. Chilembo ichi ndi chija cha miyendo itatu." Pasanapite nthawi ulemu unayamba kuchepa. "Iyayi bambo, taonani bwino! Dzulo lomweli ndakuuzani!" Ine ndi mkazi wanga tinkamvetsera pakhonde n'kuseka mpaka misozi. Ndinawakonda mayi amenewa kuposa kale, ndikumva mawu awo akukalipira foni. Ndinayesa njira yomweyo kwa ana a m'kalasi mwanga, ndipo ndinapeza kuti nawonso ankangovomera. Mwana wa kuno amakula akudziwa kuti wamkulu akafunsa, yankho ndi inde.

Tsiku la mapemphero linafika mu Juni, chifunga chitaphimba phiri, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa. Anthu anadzaza pabwalo atafunda zitenje ndi majekete. Ine ndinakhala pambali pa nkhokwe, pamene ndikanamva koma osaonana nawo. Ndime yowerenga amasankha akatekisiti tsiku lomwelo, choncho panalibe zoloweza pamtima. Ndinamva akatekisiti akufunsa kuti awerenge ndani pakhomo pano, ndipo ndinamva apongozi akuti, "Ndiwerenga ndine." Anthu anang'ung'udza pang'ono, kenako bata.

Ndinamva apongozi akutsegula buku. Kenako anayamba, pang'onopang'ono, liwu lililonse akulidula m'zidutswa n'kulilumikizanso. Pakati anakumana ndi liwu lalitali, anapunthwa, anabwerera. Mayi wina anayesa kuwanong'oneza. "Ndisiyeni," anatero apongozi, ndi mawu omwe aja okalipira foni. Analiwoloka. Anafika kumapeto, anatseka buku la amuna awo, ndipo mkazi wanga analira mokweza kuposa mmene analirira pamaliro.

Patapita masiku ndinakumana ndi apongozi m'njira ya kudimba. Chimanga chinali chitakololedwa, kunalibe kobisala koma mapesi ouma. Ndinapatuka, ndinafulatira. Iwonso anafulatira, koma sanapite patali ngati kale. Titapatsana moni sanachoke.

"Aphunzitsi a m'foni aja mukawathokoze," anatero.

"Ndikawauza, amayi."

"Mukawauzenso kuti ndinkadziwa kuti akulakwitsa dala. Mlendo wa kutali angadziwe bwanji kuti mbuzi yanga ndi yothyoka nyanga?"

Ndinangoyang'ana mapesi.

Anasenza bwino dengu lawo, ndinamva likulira. "Ine Mulungu sanandipatse mwana wamwamuna. Ndinkadandaula nazo, makamaka atapita amuna anga aja. Mukawauze aphunzitsiwo kuti ndinasiya kudandaula."

Anadikira. Wamkulu akalankhula umayankha.

"Ndamva, amayi," ndinatero.

Ndinaimabe chofulatira mpaka mapazi awo anasiya kumveka.