Kangaude wa m'botolo la mayonezi

Ku Mtendere, kuseri kwa nyumba yathu, kunali mulu wa njerwa zomwe bambo ankati adzamangira chipinda china. Chipindacho sichinamangidwe mpaka lero, koma pakati pa njerwazo m'pomwe ndinapeza kangaude wanga, ndili mu giredi sikisi. Anali wakuda bii, wonyezimira ngati nsapato ya kutchalitchi, ndipo kunsi kwa mimba anali ndi banga lofiira. Aphunzitsi anali atatichenjeza kuti wamtunduwu, makamaka wamkazi, akakuluma thupi lonse limakokana, thukuta n'kumangochucha. Chenjezolo linangondiwonjezera chidwi.

Ndinamukankhira ndi kamtengo m'botolo la mayonezi, n'kuboola chivundikiro ndi msomali kuti azipuma. Botololo ndinalibisa kunsi kwa kabati ya mbale pabalaza, ndipo ndikaweruka kusukulu ndinkamugwirira ntchentche. Tsiku lina ndinapeza kamuna kake, kakang'ono kotuwa, ndipo ndinakaponyamo kuti asamasungulumwe. Patapita masiku awiri kanali katatsala khungu lokha. Kenako wamkaziyo analuka kathumba kozungulira ngati nzama, n'kumangokhala pambali pake kukalondera.

Loweruka lina kunabwera alendo ochokera ku Kitwe kudzafunsira mbeta achemwali anga, a Esinati. Sabata yonse amayi anatikolopetsa, pansi n'kupaka polishi wofiira wonunkhira mpaka kumsewu. A Esinati chakudya sichinkalowa. Ankaopa azakhali a mnyamata wofunsirayo, omwe mbiri yawo inali yoti akaona kachilema kamodzi pakhomo amanyamuka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Zokambirana zili mkati, azakhaliwo anayamba kudzikanda m'khosi. Pa kabati panali timadontho tikuyenda, tina tikulendewera pa tiulusi pamwamba pa makapu a tiyi. Kathumba kaja kanali kataswa, ndipo ana onse anali atatulukira m'mabowo ndinaboola ndekha aja.

Amayi anasuzumira kunsi kwa kabati n'kutulutsa botolo lija.

"Iwe Tisa, ni vichani ivi?"

Ndinagwada pakhomo. A Esinati anali ataphimba nkhope ndi chitenje, ndipo ndinadziwa kuti ndawaonongera ukwati. Chifukwa cha mantha ndinayamba kulongosola ngati ndili m'kalasi.

"Tung'ono situluma, amama. Woluma ni uyu mukazi. Na mwamuna wake anamudya."

Mnyamatayo, a Mwila, anameza malovu mpaka tonse tinamva. Kenako azakhali aja anaphulika kuseka, misozi n'kumatuluka, dzanja likumenya pa bondo.

"Mwamvela, ba Mwila? Mukakwatila pano muzinkala na ulemu!"

Aliyense anaseka, ngakhale bambo omwe anali atayamba kale kuyang'ana lamba wawo. Nkhani ya ukwati inayenda. Alendo atapita, kangaude wanga anatha ndi patapata wa amayi, ndipo imfa yakeyo inandiliza kuposa chikwapu chimene chinatsatira.

Masiku ano ana anga akaona kachirombo amakajambula ndi foni, n'kuwerenga dzina lake ataima patali. Ndi bwino choncho, ngakhale ndimawamvera chisoni pang'ono, chifukwa sadziwa kukoma kodikira kathumba kuti kaswe. A Mwila pano ali ndi imvi, ndipo sindinawamvepo akuwakalipira achemwali anga. Koma akabwera kwanga, asanakhale, amayamba asuzumira kunsi kwa mpando.